Wigi ya hatchi, nyanda ya mombo

Mukalowa m'Khoti Lalikulu, choyamba kuona ndi chotuwa chija chili pamutu pa jaji. Wigi imeneyi ndi ubweya wa hatchi. Inakhazikika m'makhoti a ku England m'zaka za m'ma 1680, kuno inadza ndi atsamunda, ndipo iwo atachoka mu 1964 iyo inatsala. Eni akewo anaivula pa milandu yosakhala yaupandu mu 2008. Ife tikadali nayo, ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo.

Nanga mlandu ukakhala wa nkhalango, ndani m'khotimo amavala zoimira mitengo?

Makolo athu ku Kasungu funso lotere likadawaseketsa. Milandu inkazengedwa pabwalo, patsinde pa mtengo, ndipo nsalu zisanachuluke woweruza ndi woweruzidwa yemwe ankavala nyanda, khungwa la mombo losulidwa mpaka kufewa. Tchire linali pathupi pa aliyense. Pajatu Njovu ndi Kasiyamaliro, zilombo za Gule Wamkulu, nazonso zimatulukira pabwalo.

Kenaka kunabwera fodya. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu, maesiteti a Press ndi General Farming, kudzanso alimi a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, anadzaza chigwa chonse. Mabani owotchera fodya ankadya nkhuni usana ndi usiku, zigafa za bale zinkafuna mitengo. Mombo, mtondo ndi tsamba zinathera m'moto, popanda wozidandaulira. Masiku amenewo ukadasumira ndani, abale?

Malamulo anasintha mochedwa. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limatchula ufulu wa mibadwo yam'tsogolo pa zachilengedwe, ndipo lamulo la 2017 limalola munthu kukasuma chilengedwe chikamaonongedwa. Kwina anapitirira apo: Ecuador inapatsa chilengedwe ufulu wakewake mu 2008, New Zealand inatenga mtsinje wa Whanganui ngati munthu pamaso pa lamulo mu 2017. Ku Kenya, Willy Mutunga atakhala mkulu wa majaji mu 2011, khoti lapamwamba linataya wigi n'kuvala mikanjo yobiriwira.

Ine ndikadakonda loya woimira nkhalango azivala kansalu ka nyanda pakhosi. Koma telala wa pamsika wa Kasungu akaipeza kuti? Mombo wokhwima watsalira ku Chimaliro ndi m'paki, kumene kusenda khungwa ndi mlandu.