Nyumba ya John Soane ndi Katundu Wake

Pabwalo la Lincoln's Inn Fields mumzinda wa London pali nyumba imene mipando, mabuku ndi zithunzi zake zimatetezedwa ndi lamulo la dziko. Mwini wake, John Soane, anabadwa mu 1753 m'banja la mmisiri womanga ndi njerwa, koma anakula n'kukhala katswiri wolemba mapulani, ndipo kuyambira 1788 ndiye ankayang'anira zomangamanga za Bank of England.

Mu 1792 anagula nyumba ya nambala 12, n'kuigumula ndi kuimanganso. Pambuyo pake anachita chimodzimodzi ndi nambala 13 ndi 14, chifukwa katundu ankangochulukirachulukira. Atakhala pulofesa ku Royal Academy mu 1806, anafuna kuti ophunzira ake, amene nkhondo za Napoleon zinkawatsekera njira ya ku Italy, azionera pafupi luso la Aroma ndi Agiriki. Makoma anadzaza ziboliboli ndi miyala yosema mpaka kudenga.

Zithunzi nazo zinabwera pang'onopang'ono. Mu 1802 mkazi wake Eliza anagula zithunzi 8 za William Hogarth zotchedwa A Rake's Progress, zosonyeza mnyamata amene akusakaza chuma cha bambo ake mpaka kukathera kuchipatala cha amisala. Zina 4 za Hogarth yemweyo, zonena za chinyengo cha pachisankho, zinafika mu 1823. Malo atachepa, Soane anamanga kachipinda kamene makoma ake amatseguka ngati zitseko za kabati, kuseri kwake n'kuonekera zithunzi zinanso. Ndi nzeru imeneyi kachipindako kanasunga zithunzi zoposa 100. Apa mpamene luso lake limandigwira mtima kwambiri: kaikidwe ka zinthu kanali ntchito ya mmisiri mofanana ndi zinthuzo.

Mu 1824 anagula bokosi lamwala la maliro a Farao Seti I, limene Giovanni Belzoni anapeza ku Egypt mu 1817. A British Museum anali atakana mtengo wa £2,000. Chaka chotsatira Soane anachita phwando la masiku atatu kuti alendo alione powala nyali. N'lokongola zedi, koma munthu wa ku Africa sangaliyang'ane osafunsa kuti bokosi la mfumu likutani m'chipinda chapansi cha nyumba ya ku London.

Lamulo lija linabadwa m'mkangano wa m'banja. Mu 1815 mwana wake George analemba m'nyuzipepala nkhani zonyoza ntchito za bambo ake mosatchula dzina lake. Eliza anamwalira chaka chomwecho, ndipo Soane sanamukhululukire mwanayo. Mu 1833 anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ikhazikitse lamulo lopereka nyumbayo ku mtundu wonse, kuti isungidwe monga adzaisiyire, anthu azilowa ulere. Anamwalira mu January 1837.

Komabe lamulo palokha silinakwanitse kusunga zonse. M'kupita kwa zaka, oyang'anira anasandutsa zipinda zogona za pamwamba kukhala mokhala iwo ndi maofesi, katundu n'kusunthidwa. Panafunika ntchito yaikulu, kuyambira 2011 mpaka 2016, kuti akatswiri abwezeretse zinthu m'malo mwake potsata zojambula ndi kaundula wa nthawi ya Soane. Zipinda zake zogona zinatsegulidwanso mu 2015.

Inu amene muli ku Britain kapena mudzafikako, kaioneni nyumbayi, salipiritsa pakhomo. Mukalowa, funsani nthawi imene amatsegula makoma a chipinda cha zithunzi, ndipo mudikire.