Za Lumo la Makolo ndi Mwala Wace

Munthu wamkuru akatisiya, abale pomasula bokosi lace nthawi zina amapezamo lumo lopinda la mtundu wakale, lodyedwa ndi dzimbiri, ndi kamwala kosalala pambali pace. Anyamata ozolowera malezala a m'sitolo amaliyesa cabe: ena amapatsa ana kuti asewere nalo, ena amathamanga nalo ku gudumu lonolera nkhwangwa, naliononga tsiku lomwelo. Koma ife tinena kuti lumo lotere liyenera kuwerengedwa lisananoledwe, pakuti mbiri yace inalembedwa pa citsulo cace comwe.

Kumeta sikunadze ndi Azungu ai. Osula a kwathu anali kusula malumo amene makolo anameta nao pa maliro ndi pa cinamwali. Koma lumo lopinda linacokera kutsidya kwa nyanja, makamaka ku midzi iwiri, Sheffield ku England ndi Solingen ku Germany. Osula mipeni a ku Sheffield anakhazika bungwe lao m'caka ca 1624. Pafupi ndi 1740 Benjamin Huntsman anapeza njira yosungunula citsulo m'mbiya zadothi, kuti cikhale cofanana monsemo. Ndico cifukwa cace pa malumo ambiri akale panadindidwa mau akuti "Cast Steel".

Tsono penyani pa khosi la lumo, pafupi ndi msomali wace, pakuti pamenepo wosula anaika cizindikiro. Nyenyezi ndi mtanda ndizo za Joseph Rodgers & Sons; kaliwo wa fodya ndiye wa George Wostenholm. Korona wokhala pakati pa W ndi R anena za mfumu William IV, amene analamulira kuyambira 1830 kufikira 1837. Lumo lotere linasulidwa David Livingstone asanaone nyanja yathu m'caka ca 1859. V ndi R anena za Victoria, 1837 kufikira 1901. M'caka ca 1887 boma la Britain linaika lamulo la zizindikiro za malonda, ndimo anawanda mau akuti "Made in Germany". M'caka ca 1890 a ku America nao analamula kuti katundu wolowa kwao azilembedwa dziko locokera. Cotero lumo lolembedwa "Sheffield" kokha, popanda "England", kawiri kawiri ndi lakale koposa 1891.

Maonekedwe nao ndi mboni. Malumo oyamba anali onenepa ndi olemera. A pambuyo pace anakumbidwa mbali zonse ziwiri, nakhala opyapyala. Zogwirira zace zinali za nyanga ya ng'ombe, za pfupa, kapena za mnyanga wa njobvu, ndipo sitiiwala kuti m'zaka zimenezo minyanga inali kuturuka ndi m'dziko lathu lomwe. M'zaka za 1870 kunadza pulasitiki woyamba, dzina lace seluloidi, amene akakalamba amaturutsa mpweya wodya citsulo. Lumo la cogwirira cotere lisagone pamodzi ndi anzace. Ulemu wa malumo awa unayamba kucepa pamene King C. Gillette analandira kalata wa boma wa lezala lotaya m'caka ca 1904, ndiponso pamene asilikali a America anagawiridwa malezala ace m'caka ca 1918.

Nanga mwala uja? Ukakhala wacikasu, wokhala ndi mwala wina wakuda kapena wobiriwira kunsi kwace, kapena ndi wa ku Vielsalm ku Belgium, umene uli ndi timiyala tolimba tosaoneka ndi maso, ndipo unola ndi madzi. Wotuwa ndi wofewa, woturutsa thope losalala, ukhoza kukhala wa ku Thuringia ku Germany, kapena wa ku mtsinje wa Ayr ku Scotland. Wolimba koposa, wonunkha mafuta akale, kawiri kawiri ndi wa ku Arkansas ku America. Umenewo utsukidwe ndi parafini. Mwala wokumbika pakati sungathe kunola lumo. Lembani mizere ya pensulo pamwamba pace, nimuupere pa pepala la mcenga lonyowa loyalidwa pa galasi, kufikira mizere yonse yatha.

Pokonza lumo lokha, lamulo ndi limodzi: cotsani pang'ono. Lidzozeni mafuta, ligone usiku, ndipo m'mawa pukutani dzimbiri ndi pepala la mcenga losalala, osafafaniza cizindikiro. Madontho akuda a pa msana alekeni, sapweteka kanthu. Ku gudumu musapite nalo konse, pakuti kutentha kumafewetsa citsulo, ndipo kulimba kumene wosula anaikamo sikubweranso. Ponola goneketsani lumo pa mwala, msana ndi kuthwa komwe zikhudze pamodzi, kuthwa kutsogole, dzanja lisalemere, mbali iyi kamodzi, inayo kamodzi. Pa lamba wacikopa msana ndiwo utsogola. Likameta ubweya wa pa mkono popanda kukoka, nchito yatha. Koma lokhala ndi mng'alu, kapena lobooka ndi dzimbiri pa kuthwa pace, lisungidwe monga cikumbutso basi.

Ticenjezenso kuti lumo limodzi lisayende pa mitu yambiri monga kale, pakuti tidziwa tsopano kuti nthenda za m'mwazi, monga HIV ndi nthenda ya ciwindi, zikhoza kupita ndi mwazi wotsala pa citsulo.

Inu amene muli nalo lumo lotere m'nyumba, funsani akuru akali moyo kuti mwini wace analipeza kuti, kapena ku sitolo, kapena ku ulendo wa nchito, nimulembe mau ao pa pepala, ligone m'bokosi momwemo. Citsulo cidzauza adzukulu anu dzina la wosula. Koma dzina la amene anameta nalo, mukapanda kulemba ndinu, palibe adzalinena.