Kumanga maroketi otengera enieni m'masewera a Kerbal Space Program

Kerbal Space Program ndi masewera a pakompyuta amene munthu amalumikiza zipangizo n'kupanga roketi, kenako n'kuiulutsa kupita m'mlengalenga. Kampani ya Squad ya m'dziko la Mexico idayamba kutulutsa masewerawa m'chaka cha 2011, ndipo mu 2014 idagwirizana ndi bungwe la NASA la ku America pokonza gawo lina la masewerawo.

Osewera ena amamanga maroketi otengera amene adaulukadi, monga Saturn V, yotalika mamita oposa 110, imene idanyamula anthu oyamba kuponda pamwezi mu 1969. Roketi yotere imayenera kukhala ndi zigawo zitatu, ndipo chigawo choyamba chimakhala ndi injini zisanu.

Komabe kufanana maonekedwe kokha sikukwanira. Dziko la m'masewerawa, lotchedwa Kerbin, ndi laling'ono kwambiri, kotero chombo chimalizungulira pa liwiro la makilomita pafupifupi 2.3 pa sekondi, pomwe kuti chizungulire dziko lathu pamafunika makilomita 7.8.

Pachifukwachi, ofuna zenizeni amaonjezera mapulogalamu a Real Solar System ndi Realism Overhaul, amene amabwezeretsa kukula kwa dziko, mitundu ya mafuta komanso mphamvu za injini. Zikatero, wolakwitsa masamu a kulemera ndi mafuta roketi yake imagwa isanafike kumene ikupita.