Mbiri ya Wailesi ya Maeriyo Ambiri ndi Sitima za Panjanji

Mawu amene amazilala

Amene munamverapo wailesi ya shotiwevu usiku mukulidziwa vutoli. Mawu amamveka bwinobwino, kenako amayamba kuzilala mpaka kutheratu. Posakhalitsa amabweranso okha. Ena amaimenya wailesiyo ndi dzanja. Ena amati mabatire atha. Koma wailesi ndi mabatire sizikhala ndi mlandu.

Chimachitika n'chakuti mafunde a wailesi safika pa eriyo yanu kudzera njira imodzi. Ena amabwera molunjika. Ena amakagunda kaye mlengalenga kutali, kapena paphiri, kapena pakhoma la nyumba, n'kubwerera. Oyenda njira yaitali amafika mochedwerapo. Akakumana onse pa eriyo, nthawi zina amathandizana ndipo mawu amakwera. Nthawi zina amafafanizana ndipo mawu amatha.

Kabuku kano kakusimba za anthu amene analimbana ndi vutoli poika maeriyo ambiri m'malo mwa imodzi. Kakusimbanso za anthu a njanji, amene kwa iwo mawu akazilala anthu angathe kufa.

Chiyambi

M'zaka za 1887 ndi 1888, Heinrich Hertz wa ku Germany anasonyeza kuti mafunde a wailesi alikodi. Mu Disembala 1901, Guglielmo Marconi analengeza kuti walandira chizindikiro chochokera ku Poldhu ku England iye ali ku St John's ku Newfoundland, tsidya lina la nyanja ya Atlantic.

Mu 1905 Karl Ferdinand Braun anaimika maeriyo atatu pamodzi. Anachedwetsa pang'ono mafunde opita ku eriyo imodzi, ndipo mphamvu yambiri inalunjika mbali imene iye ankafuna. Mu 1909 Braun ndi Marconi anagawana mphoto ya Nobel.

Beverage ndi Peterson

M'zaka za m'ma 1920, kampani ya RCA inali ndi malo olandirira mauthenga ku Riverhead, pachilumba cha Long Island ku America. Mauthenga ochokera ku Ulaya ankaduka chifukwa cha kuzilala kuja. Amuna awiri, Harold Beverage ndi Harold Peterson, anamvetsera siteshoni imodzi pa mawailesi awiri oikidwa malo osiyana. Anapeza chinthu chooneka chaching'ono: mawu akazilala pa wailesi iyi, pa inayo ankamveka. Kawirikawiri sankazilala nthawi imodzi.

Choncho anaimika maeriyo atatu motalikirana pafupifupi mamita 300, n'kulumikiza zimene onse ankalandira. Imodzi ikalephera, ina inkagwira. Ili ndilo phindu loyamba la maeriyo ambiri: uthenga sutayika panjira. Muligwiritsitse phindu limeneli, chifukwa ndi limene a njanji amalifuna kuposa lina lililonse.

Sitima iyamba kulankhula

Woyendetsa sitima sangakhote kuti apewe chimene chili patsogolo pake. Sitima yolemera imayenda mtunda wautali isanaime ngakhale atamanga mabuleki. Iye amadalira zimene ena akumuuza, ndipo kwa zaka zambiri ankamuuza ndi mbendera, nyali ndi zizindikiro za m'mbali mwa njanji basi.

Mu 1913 kampani ya njanji ya Lackawanna ku America inayesa kutumiza mauthenga a wailesi kusitima yoyenda, pakati pa mizinda ya Scranton ndi Binghamton. Mu 1926 okwera m'kalasi yoyamba pa sitima za pakati pa Berlin ndi Hamburg ku Germany anayamba kuimba telefoni sitima ili paulendo. Okwera olemera anapeza telefoni msanga. Oyendetsa sitima m'madera ambiri anadikira zaka makumi angapo.

Ngozi ya ku Cowden

Mmawa wa pa 15 Okotobala 1994 kunali nkhungu pafupi ndi Cowden, m'chigawo cha Kent ku England. Pamalopo njanji ndi imodzi, ndipo sitima zimadikirana kuti zipatukirane. Sitima yochokera ku Uckfield inadutsa chizindikiro chofiira n'kulowa m'njanji imodziyo. Kutsogolo kunkabwera sitima ina yochokera ku Oxted.

Wolondolera sitima amene anali pantchito ku Oxted anaziona zonsezi pa makina ake. Ankadziwa kuti sitima ziwirizo zikulunjikana. Koma munalibe wailesi yomulumikiza ndi oyendetsa sitimazo. Analibe njira yowauzira kuti aime. Chimene anatha kuchita ndi kuitana anthu opulumutsa pangozi sitimazo zisanawombane n'komwe. Anthu 5 anafa, kuphatikizapo oyendetsa onse awiri.

Nkhani imeneyi ndi yowawa chifukwa panali munthu wodziwa, ndipo nthawi yolankhula inalipo. Chinasowa ndi chipangizo chonyamula mawu ake. Nafenso kuno njanji zathu zambiri ndi za mzere umodzi, choncho nkhaniyi isationekere yakutali.

Wailesi imodzi ya njanji za ku Ulaya

Nthawi imeneyo mayiko a ku Ulaya anali ndi mitundu yoposa 30 ya mawailesi a njanji, ndipo sinkamvana. Sitima yowoloka malire inkafunika mawailesi angapo. Bungwe la UIC, limene limasonkhanitsa makampani a njanji ndipo likulu lake lili ku Paris, linatsogolera ntchito yokonza mtundu umodzi. Anatenga luso la mafoni a m'manja la GSM n'kuliwonjezera zofunika panjanji. Anautcha GSM-R.

GSM-R ili ndi batani langozi. Woyendetsa akalidina, wolondolera sitima ndi oyendetsa onse a m'dera limenelo amamva nthawi yomweyo, ndipo mafoni ena osafunika kwenikweni amadulidwa kuti apereke mpata. Wolondolera safunika kudziwa dzina la woyendetsa: amangoimba nambala ya sitimayo. Wailesiyi inakonzedwa kuti izigwira ntchito ngakhale sitima ikuthamanga makilomita 500 pa ola.

Pa njanji zina zamakono, chilolezo choti sitima ipitirire chimabwera pa wailesi yomweyi n'kuonekera pa sikirini patsogolo pa woyendetsa. Kulumikizana kukaduka nthawi yopitirira imene inaikidwa, m'mayiko ambiri sitima imadzimangira mabuleki yokha.

Mdani asanduka wothandiza

Pamene a njanji ankakonza GSM-R, ofufuza ena ankaganiza za vuto lina. Mafunde a wailesi ali ndi malire. Boma lililonse limagawa malo a mafundewa kwa makampani, monga imachitira MACRA ku Malawi, ndipo malowo ndi odula. Anthu a mafoni ankachuluka, malo osachuluka.

Arogyaswami Paulraj anabadwira ku Pollachi ku India mu 1944. Anagwira ntchito zaka zambiri m'gulu la asilikali apamadzi a dziko lake, akukonza makina omvera zombo zoyenda pansi pa nyanja. Atapita ku yunivesite ya Stanford ku America, anabwera ndi ganizo lachilendo. Anati: tidule uthenga m'zigawo, chigawo chilichonse chituluke pa eriyo yakeyake, zonse nthawi imodzi ndiponso pa malo amodzi a mafunde. Kolandira kukhalenso maeriyo angapo kuti alekanitse zigawozo.

Akatswiri ambiri sanakhulupirire. Ankadziwa kuti mauthenga awiri pa malo amodzi amasokonezana. Koma taganizirani za makutu anu. Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi, wina kumanja wina kumanzere, mumatha kusankha womumvera, chifukwa mawu a aliyense amafika mosiyana pa khutu lililonse. Tsekani khutu limodzi, muona kuti kuwalekanitsa kwavuta. Maeriyo angapo amachita chimodzimodzi, mothandizidwa ndi masamu a kompyuta. Mu 1994 Paulraj ndi mnzake Thomas Kailath analandira chiphaso cha boma la America chotsimikiza kuti lusoli ndi lawo.

Mu 1996 Gerard Foschini wa ku Bell Labs anasonyeza ndi masamu kuti maeriyo akachuluka mbali zonse ziwiri, uthenga wodutsa umachulukanso, popanda kuwonjezera malo a mafunde kapena mphamvu ya magetsi. Mu 1998 gulu la ku Bell Labs linayesa zimenezi m'nyumba ndi maeriyo 8 otumiza ndi 12 olandira, ndipo zinatheka.

Apa m'pamene pali chodabwitsa cha mbiri yonseyi. Lusoli limagwira bwino kwambiri pamene pali makoma ndi nyumba zambiri zobweza mafunde. Njira zambirimbiri zija, zimene zinkazilalitsa mawu kuyambira nthawi ya Marconi, ndi zimene zimachititsa kuti eriyo iliyonse imve mosiyana ndi inzake. Ili ndilo phindu lachiwiri: uthenga wochuluka m'malo omwewo. Njira imeneyi imatchedwa MIMO.

M'chaka chomwecho cha 1998, Siavash Alamouti, wobadwira ku Iran, anapeza njira yosavuta yotetezera uthenga ndi maeriyo awiri a kotumiza. Zigawo ziwiri zimatuluka pamodzi, kenako zimatulukanso zitasinthana maeriyo ndi kusinthidwa pang'ono. Motero ngakhale chipangizo cha eriyo imodzi chimapindula.

Zili m'thumba mwanu

MIMO inalowa m'malamulo a Wi-Fi mu 2009. Mu Disembala chaka chomwecho, netiweki ya 4G inayamba kugwira ntchito ku Stockholm ndi ku Oslo. Ngati foni yanu imalemba 4G pamwamba, mkati mwake muli maeriyo osachepera awiri olandirira, obisika m'mphepete mwa foniyo.

Mu 2010 Thomas Marzetta, wa ku Bell Labs komweko, anafunsa kuti chingachitike n'chiyani nsanja imodzi ya mafoni itakhala ndi maeriyo ochuluka zedi. Yankho linali lakuti nsanjayo ingalunjikitse mafunde kwa munthu aliyense payekha. Mu 2016 ofufuza a ku mayunivesite a Bristol ndi Lund anayesa ndi maeriyo 128. Lero nsanja zambiri za 5G zimagwiritsa ntchito ganizo limeneli.

Chifukwa chake sitima ndi yovuta

Wina angafunse kuti nanga a njanji akudikira chiyani. Zoona zake n'zakuti sitima yothamanga ndi mayeso ovuta kwambiri kwa luso limeneli.

Sitima za pakati pa Beijing ndi Shanghai ku China zimathamanga makilomita 350 pa ola. Pa sekondi imodzi zimayenda mamita 97. Ngati nsanja zatalikirana makilomita 3, sitimayo imasiya nsanja ina n'kugwira ina pakangotha theka la mphindi. Pa kusinthana kulikonse pali mpata woti kulumikizana kuduke.

Liwiro limasinthanso mafunde enieniwo. Munamvapo hutala ya sitima kapena ya galimoto ikulira mokwera pamene ikubwera, n'kutsika ikangokudutsani. Christian Doppler anafotokoza zimenezi mu 1842. Mafunde a wailesi amachitanso choncho, ndipo sitima ikamadutsa pansi pa nsanja kusinthako kumatembenuka mwadzidzidzi.

Vuto lalikulu ndi ili. Kuti nsanja ya maeriyo ambiri ilunjikitse mafunde, iyenera kuyeza kaye njira zimene mafundewo akuyenda. Munthu wokhala pampando sasuntha, choncho muyeso umakhalitsa. Koma sitima ija imasuntha pafupifupi masentimita 10 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Nsanja ikamamaliza kuyeza, sitima yachoka kale pamalopo.

Malo nawonso amasiyana. Njanji zambiri zothamanga za ku China zili pamwamba pa milatho yaitali, pamtetete. Kumeneko kulibe makoma obweza mafunde, choncho phindu lachiwiri lija limachepa. M'ngalande zapansi pa nthaka mafunde amayenda mwanjira inanso. Ofufuza a ku yunivesite ya Lille ku France anayeza MIMO m'ngalande za sitima, n'kufalitsa zotsatira zake mu 2003. A ku yunivesite ya Beijing Jiaotong akhala akuyeza mafunde pa milatho, m'zigwembe zokumbidwa ndi m'masiteshoni. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo sitchuka, koma popanda iyo masamu onse aja amakhala papepala.

Komabe sitima ili ndi mwayi umene munthu wa foni alibe. Sichoka panjanji, ndipo liwiro lake limadziwika, choncho nsanja ingadziwiretu pamene sitima ifike. Ili ndi denga lalitali loikapo maeriyo, kunja kwa zitsulo za bogi zimene zimatchinga mafunde. Eriyo ina ingakhale kumutu, ina kumchira, motalikirana mamita 200 kapena kuposa, pafupifupi ngati maeriyo a Beverage ndi Peterson. Yakumutu ikamasintha nsanja, yakumchira imakhala ikadali yolumikizidwa.

Kusintha kumene kwayamba

Dziko la South Korea linapita patsogolo. Mu 2017 linayamba kugwiritsa ntchito wailesi ya njanji ya mtundu wa 4G, yotchedwa LTE-R, pa sitima za mumzinda wa Busan ndi pa njanji yothamanga ya pakati pa Wonju ndi Gangneung.

Ku Ulaya GSM-R ikugwirabe ntchito pa njanji zotalika makilomita oposa 100,000. Yakalamba, ndipo opanga zipangizo zake akuyembekezeka kuisiya cha m'ma 2035. UIC ikukonza yolowa m'malo mwake, yotchedwa FRMCS, yomangidwa pa luso la 5G. Idzatha kunyamula zithunzi za kanema ndi mauthenga ochuluka oyendetsera sitima, zimene GSM-R singathe.

Ena amadandaula kuti a njanji amachedwa. Ine ndimaona kuti akuchita bwino kusafulumira. Kanema wa pafoni akaima masekondi awiri, mwiniwake amangonyinyirika. Batani langozi liyenera kugwira nthawi iliyonse, m'ngalande, pamlatho ndi m'nkhungu. N'chifukwa chake GSM-R sidzazimitsidwa tsiku limodzi. Kwa zaka zingapo mitundu iwiriyi idzagwira ntchito pamodzi, ndipo sitima zambiri zidzanyamula mawailesi onse awiri mpaka njanji iliyonse itayesedwa ndi kuvomerezedwa.