Mbale Yodutsa Mpanda: Mbiri ya Mandasi ndi Masikono a Chikondwerero ku Makokola

Ku America ndi ku Ulaya, Khirisimasi ikayandikira, amayi amagwirizana tsiku loti akumane. Aliyense amaphika mabisiketi a mtundu umodzi ochuluka, nkukasinthana ndi anzake, ndipo pobwerera amakhala atanyamula mitundu yosiyanasiyana. Kuno ku Makokola, pamsewu wa M10 wochoka ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, palibe amene amalemba kalata yoitana anthu ku mwambo wotere. Koma kusinthanako kulipo, ndipo kumachitika kawiri pachaka. Pa Idi mbale imachoka kunyumba ya Msilamu, pa Khirisimasi imachoka kunyumba ya Mkhristu. Mwana ndi amene amatumidwa, mbale itavundikiridwa ndi kansalu, ndipo mawu ake sachuluka: "Amayi akuti mulaweko."

Zimene zili m'mbalemo sizinabwere tsiku limodzi.

Zakale kwambiri ndi zathu zam'mudzi. Chikondamoyo, chimene ena amati chigumu, sichifuna uvuni. Mayi amakanya nthochi zakupsa ndi mgaiwa, nkuthira soda pang'ono, kenako amaika mumphika kapena m'sefuliya, makala pansi ndi ena pamwamba pa chivundikiro. Luso lonse lagona pa motowo. Ukachuluka pansi, chigumu chimapserera m'kati muli mwamuwisi, ndipo zimenezi saphunzira m'buku ayi, koma pokhala pambali pa agogo. Zitumbuwa nazo ndi nthochi ndi ufa wa chimanga womwewo, kusiyana kwake nkwakuti zimakazingidwa m'mafuta.

Mandasi ndi a kunyanja yaikulu ya mchere. M'zaka za m'ma 1800, mafumu a Chiyao monga Mponda ndi Makanjira ankachita malonda ndi Aswahili ndi Aluya a ku Kilwa ndi Zanzibar. Mudzi wa Mponda unali pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, malo owolokera amalonda, ndipo David Livingstone anafikapo mu 1866. Sitingabise kuti njira imeneyi inali ya minyanga ndi akapolo, ndipo mabanja ambiri analira chifukwa cha iyo. Njira yomweyo inadzetsa Chisilamu, nsalu, mikanda ndi kaphikidwe ka kugombe. Mandasi amene timagula pamsika wa Makawa m'mawa ndi abale a amene amadyedwa ku Zanzibar ndi Mombasa, kungoti kumeneko amakonda kuthiramo mkaka wa kokonati ndi zonunkhiritsa, pamene ife tinatsala ndi fulawa, shuga ndi yisiti.

Masikono anabwera ndi sitima. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja itanyamula amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho inawapeza ku Cape Maclear. Sanakhalitse, malungo anawavuta, mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Ansembe a White Fathers nawo anafika kwa Mponda kumapeto kwa Disembala 1889, nkuchoka mu 1891, chaka chimene Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston. Sikono ndi chakudya cha Asikochi enieni, ndipo amene anachitulutsa m'makhitchini a amishoni ndi a atsamunda ndi ophika achikuda, ambiri a iwo Ayao, amene ankatchuka pa ntchito ya ukhuki mpaka ku Salisbury ndi Johannesburg. Mayina awo sanalembedwe pa mwala uliwonse, komatu ndi iwo anaonetsa kuti chimene mzungu ankaphika mu uvuni wachitsulo chikhoza kupsa bwino mu uvuni wa njerwa kapena m'chitini pa mbaula.

Komabe kwa nthawi yaitali fulawa ndi shuga zinali za anthu ochepa. Zinkapezeka m'masitolo a Mandala, kampani imene inayamba mu 1878, ndi kwa amwenye. Zinthu zinasintha fakitale ya shuga ya ku Nchalo itatsegulidwa mu 1966, ya ku Dwangwa nkutsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mabisiketi a m'mapaketi anali atayamba kale kupangidwa ku Blantyre ndi Universal Industries, imene inakhazikitsidwa mu 1957. Shuga atayamba kupezeka mpamene Khirisimasi ya mpunga, nkhuku, Fanta ndi tiyi wamkaka wa masikono inakhazikika m'midzi. Anyamata a ku Joni, amene Mangochi ali nawo ambiri, anawonjezerapo zitini za mabisiketi zimene amabwera nazo mu Disembala; mabisiketi akatha chitini chimasanduka mosungira singano ndi ulusi.

Ine chimene chimandigwira mtima si zophikazo ayi, koma kumene zimapita. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno, mzikiti ndi tchalitchi zimayandikana, ndipo nthawi zambiri m'banja limodzi mumapezeka amalume Asilamu ndi adzukulu Akhristu. Mandasi ndi masikono ndi mphatso yosadetsa nkhawa. Nyama imafunsitsa kuti wazinga ndani, koma ufa, shuga ndi mafuta ophikira sizifunsitsa. Nchifukwa chake mayi wa Mvano akhoza kutumiza beseni kwa mnzake wovala hijabu popanda kukayika, ndipo mwezi wa Ramadani ukatha amadziwa kuti mbale yake ibwera. Pali lamulo losalembedwa lakuti mbale sibwerera yopanda kanthu. Ngati mulibe chophika, mumaikamo mango, amene mu Disembala amakhala mbwee, kapena usipa wouma pang'ono.

Masiku ano mwambowu ukulemera pa thumba. Tirigu amene timalima ku Neno ndi ku Tsangano ndi wochepa zedi, pafupifupi yense amachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya fulawa ndi mafuta inakwera nthawi yomweyo. Mu 2024 shuga anasowa m'masitolo, anthu nkumaima pamizere. Amayi ambiri tsopano amasonkherana kudzera m'banki m'khonde, nkugula thumba limodzi la fulawa ndi chigubu cha mafuta, kenako amakazingira pamodzi usiku wa pa 24 Disembala ndi kugawana. Ena abwerera ku chigumu ndi zitumbuwa, poti nthochi ndi chimanga sizidikira ndalama zakunja.