Mfuti zitalira pa sukulu, kamera inaloza kuti?

Pa 20 Epulo 1999, anyamata awiri, wina wa zaka 18 wina wa zaka 17, analowa ndi mfuti pa sukulu yawo ya sekondale ya Columbine, m'cigawo ca Colorado ku America. Tsiku limenelo anapha ophunzira anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi, kenaka anadziombera okha. Mawailesi ndi manyuzipepala anathamangira kufunafuna coyambitsa. Ena ankati ndi nyimbo, ena masewera a pa kompyuta, ena makolo. Nkhope za anyamatawo zinali paliponse, mpaka opha anachuka kuposa ophedwa.

Ife ogwira nchito pa wailesi timalidziwa vuto limeneli. Ukamalengeza zoopsa, umasankha amene dzina lake limveke. Opanga mafilimu nawonso amasankha kumene kamera iloze. Pano tikunena za opanga mafilimu oima paokha, a ndalama zocepa, amene sayendera zofuna za makampani akuluakulu a ku Hollywood. Mbiri yawo pa nkhani imeneyi ikuonetsa kuti m'zaka 20 kamera yawo inasuntha pang'onopang'ono, kucoka pa wogwira mfuti kupita kwa otsala.

Mu 2002, Michael Moore anatulutsa Bowling for Columbine, filimu ya zocitika zenizeni. Iye anafunsa cifukwa cake anthu a ku America amaphana ndi mfuti kwambiri kuposa a ku Canada, kumenenso mfuti zilipo zambiri, ndipo analoza cala pa mantha amene anthu amadyetsedwa tsiku ndi tsiku m'nkhani za pa wailesi yakanema. Anatenganso anyamata awiri opulumuka ku Columbine, zipolopolo zidakali m'thupi, n'kupita nawo ku likulu la masitolo a Kmart. Kampaniyo inalengeza kuti isiya kugulitsa zipolopolo za mfuti zazing'ono. Filimuyi inalandira mphoto ya Oscar mu 2003.

Caka comweco ca 2003 kunabwera Elephant ya Gus Van Sant, yojambulidwa mumzinda wa Portland ndi ana a sukulu osazolowera zisudzo. Kamera imangoyenda pambuyo pa ophunzira: uyu akujambula zithunzi, uyu akuvutika ndi bambo ake oledzera, uyu akukathandiza ku laibulale. Opha aja timawaona wina akuimba piyano, wina akusewera masewera oomberana, kenaka akulandira mfuti yoitanitsa pa intaneti. Filimuyi sinena kuti coyambitsa ndi citi. Van Sant ankaganizira nthano ya anthu osaona amene anagwira njovu, wina citamba wina mwendo, aliyense n'kumati waidziwa yonse. Ena anakwiya kuti filimuyi sipereka yankho, koma ku Cannes, ku France, inapata mphoto yaikulu ya Palme d'Or.

Mu 2009, Denis Villeneuve wa ku Canada anabwerera ku tsoka la pa 6 Disembala 1989, pamene mwamuna wina analowa pa sukulu ya uinjiniya ku Montreal, n'kulekanitsa amuna ndi akazi, n'kupha akazi 14. Filimu yake, Polytechnique, ndi yakuda ndi yoyera, kuti maso a woonera asakokedwe ndi kufiira kwa magazi. Dzina la wakuphayo silichulidwa. M'malo mwake timatsata mtsikana wopulumuka, ndi mnyamata amene anatuluka m'kalasi atalamulidwa kutero, ndipo cikumbumtima sicinamusiyenso.

Mu 2011, Lynne Ramsay anatembenuzira kamera kwa mayi wa mwana wakupha. Mu We Need to Talk About Kevin, mayiyo amamenyedwa mbama pamsewu, nyumba yake amaithira penti wofiira, iye n'kumakwecha yekha. Amakaonabe mwana wake kundende, ngakhale sakudziwa ngati mlandu ndi wakenso. Paja fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo filimuyi sikakamiza yankho pa funso lakuti mwana woipa amabadwa kapena amaleredwa.

Pofika 2021, mfuti inacokeratu pa cithunzi. Mu filimu ya Mass, ya Fran Kranz, makolo anayi akhala patebulo m'kacipinda ka pa chalichi, patapita zaka 6 cicitikire tsoka. Awiri ndi makolo a mwana wophedwa, awiri ndi makolo a mwana wakupha. Palibe kulira kwa cipolopolo. Pali mafunso, misozi, ndi nthawi zina kukhala cete.

Wina angafunse kuti za kutali zoterezi zikutikhudza bwanji. Mafilimu amenewa safika kawirikawiri m'tinyumba toonetsera mavidiyo m'misika yathu. M'menemo ana amaonera ngwazi ikugwetsa adani ambirimbiri, ndipo palibe maliro amene amaonetsedwa. Koma akuluakulu a m'midzi ya m'malire muno amadziwa zimene mafilimu otere amabisa. M'nkhondo imene inatha mu 1992, ana anagwiritsidwa mfuti, ndipo nkhondo itatha anabwerera kumidzi kumene kunali amasiye. Mabanja anakhala pansi, miyambo yoyeretsa inacitika, anthu n'kumatunganso madzi pa citsime cimodzi.

Zimene makolo anayi a mu Mass akuyesa kucita m'kacipinda kaja, agogo athu anazicita pansi pa mtengo, popanda kamera. Mwana akabwera kucokera ku vidiyo akusimba za ngwazi yake, tingamufunse funso limene opanga mafilimu awa anatenga zaka 20 kuti alifikire: nanga amene anagwa aja, amayi awo anali ndani?