Mkango wa Narnia mu Chazanga

Filimu ya Narnia inatuluka mu December 2005, pamene mphekesela za Satanism zinali mbwee mu Lusaka. Kwathu ku Chazanga tinaionelela pa DVD, titathithikana pa mphasa. Amai ena atangomva kuti muli mfiti, anazimitsa TV. Anati a Chiluba analengeza mu 1991 kuti dziko lino ni lacikhristu, ana asaone zotelo.

Komatu C.S. Lewis, amene buku lake la 1950 linabala filimuyi, anali Mkhristu wa Anglican. Edmund agulitsa abale ake cifukwa ca maswiti cabe, mkango Aslan n'kuphedwa m'malo mwake, m'mamawa n'kuuka. Ife tinadzazindikila pa Good Friday, tili m'chalichi, kuti nkhaniyi tinaitsiliza kale mobisa kwa aneba.